Phukusi Lodziwa Kuodira

Ana anga, mwakhala mukundifunsa kuti ntchito ya makompyuta imene ndinapumira nayo ndinaiyamba bwanji, ndipo nthawi zonse ndimakuyankhani mwachidule chifukwa mumafunsa maso ali pa foni. Tsopano mawondo akana kuyenda koma zala zidakali zamoyo, ndiye ndati ndilembe. Za ubwana wanga ndazidumpha dala. Mulibe chimene simunamve kwa azakhali anu, ndiponso iwo amazikometsera kuposa ine. Ndiyambira ku Joni.

1994

Ofesi imene ndinkataipako pa kompyuta ku Blantyre inatsekedwa m'chaka chomwe anthu ankavina m'misewu kuti zinthu zasintha. Kwa ine zinasinthadi. Ndinasiya mayi anu ku Thondwe pamodzi ndi Madalitso, Tiyamike ndi iwe Tadala udakali kumsana, n'kulonjeza kuti ikamafika Khirisimasi ndidzakhala nditakuitanitsani nonse. Mwamwayi sindinatchule kuti Khirisimasi ya chaka chiti.

Amene anandilandira anali alamu anga a Makwinja, achimwene awo a mayi anu, omwe ankasamalira maluwa m'nyumba za azungu ku Kempton Park. Tinkagona ku Tembisa, m'kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya mayi wina wa Chisutu, ndipo alamuwo anandipezera ulonda pa geti la nyumba yosungiramo katundu ku Jet Park, kufupi ndi bwalo la ndege. Kumeneko ndege zinkadutsa pamutu penipeni moti masiku oyamba ndinkawerama, madalaivala a malole n'kumandiseka. Kuzizira ndinakuzolowera, kukwera tekisi mwa kuloza chala m'mwamba ndinaphunzira, koma chinthu chimodzi chinandikanika: anthu a kumeneko saodira. Mayi mwini nyumba ankangokankha chitseko kudzaona ngati tayatsa mbaula ya magetsi, iwe uli m'kabudula wamkati. Ana ake ankalowa kudzafuna mpira umene sunalowemo n'komwe. Apolisi osaka anthu opanda mapepala ndiye ankagogoda ndi jombo, chitseko n'kuyankha chokha. Kwathu ngakhale munthu wobwera kudzakukalipira amayamba waima pabwalo n'kunena odi, ndipo salowa usanamuyankhe. Zimenezi zinkandiwawa kuposa njala, chifukwa ndinkaona kuti anthuwa sandiwerengera ngati munthu wokhala ndi pakhomo pake.

M'chipinda chapamwamba cha nyumba ndinkalonderayo munali kakampani ka bwana Kobus, mzungu wamkulu thupi amene ankavala kabudula ngakhale mu Juni. Kampaniyo inkalemba mapulogalamu a masikelo oyezera katundu. Tsiku lina bwanayo anataya kiyibodi yakufa m'bini, ine n'kuitola, ndipo masana geti likakhala zii ndinkaiika pamiyendo n'kumataipa nyimbo za kutchalitchi kuti zala zisaiwale ntchito. Anandipeza ndili pakati pa ndime. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana kiyibodi yopanda chingwe, yopanda kompyuta, kenako n'kundifunsa m'Chifanakalo chake chothyokathyoka, chinenero cha m'migodi chija, ngati m'mutu mwanga muli bwinobwino. Ndinatulutsa satifiketi yanga ya kutaipa m'thumba la jekete, momwe inakhalitsa mpaka kufewa ngati mpango. Anaiwerenga, n'kundiuza kuti Lolemba ndikwere masitepe, yunifolomu ndiisiye pansi.

1996

Chaka cha 1995 sindichilemba, chifukwa chonse chinathera kukwawa pansi pa matebulo ndi zingwe, kuphika tiyi ndi kufunsa mafunso. Mu ofesimo tinalimo atatu: bwana Kobus, ine, ndi Thandeka, mtsikana wa ku Wattville wochepa thupi koma wa pakamwa pakuthwa, amene ankalemba mapulogalamuwo. Ankanditcha Baba Malawi. Ndi iye amene anandiphunzitsa zambiri, ngakhale ankaphunzitsa ngati akukangana ndi kondakitala. Bwana anali munthu wabwino mtima koma wosachedwa kupsa, ndipo akapsa mtima nkhope yake inkafiira kuyambira m'khosi kupita m'mwamba, moti tinkadziwiratu kuti tatsala ndi nthawi yochuluka bwanji yoti tithawire ku chimbudzi.

Zosowa zinali zambiri. Foni inali imodzi, yomweyo ya makasitomala, yomweyo ya fakisi, yomweyonso ya modemu, kabokosi kolira ngati mphaka wopondedwa kamene kankatilumikiza ku intaneti. Ukakhala pakati potumiza fayilo, bwana ankanyamula foni kuti afunse akazi awo ngati agula nyama yootcha, fayilo n'kufera panjira. Madisiketi tinkafufuta n'kulembamonso mpaka ena ankaiwala okha zimene tawauza. Mpando wabwino unali umodzi, ndipo ngakhale unagulidwira bwana, ankakhalapo ndi Thandeka. Ine ndinkakhalira kireti ya zakumwa yoikapo katoni.

Thandeka anali atalemba chinthu chimene amisiri a kompyuta amachitcha laibulale. Musaganize za mabuku. Ndi kachidutswa ka pulogalamu kamene pakokha sikachita kanthu, koma mapulogalamu ena amakabwereka kuti kawagwirire ntchito imodzi. Kathuko ntchito yake inali kumva zimene sikelo ikunena n'kuziuza kompyuta. Bwana anaganiza zoti tikapereke ulere kwa dziko lonse, pamodzi ndi zolemba zake zonse zamkati, kuti aliyense wofuna awerenge, akonze, agawirenso ena. Alamu anga atamva zimenezi anati mzunguyo akaonedwe ndi dokotala, chifukwa munthu wa mutu wabwino sagawa khasu limene akulimira. Koma bwana anali ndi nzeru zake. Ankati anthu akakazolowera, tsiku limene adzafune wowalumikizira masikelo m'fakitale adzafunafuna eni ake, ndipo eni akewo ndife.

Chinthu chaulere nachonso chimafuna kumangidwa bwino, ndipo ntchito imeneyo inagwera ine. Kulongedza laibulale kumatanthauza kusonkhanitsa mafayilo ofunika okhaokha n'kusiya zinyalala, kuikapo nambala yosonyeza kuti uku ndi kutulutsa kwachingati, kulemba malangizo, kuikamo chilolezo chonena kuti chinthuchi n'chaulere ndipo chikhalebe chaulere, kutchula zina zimene kompyuta iyenera kukhala nazo kale, kenako n'kumanga zonsezo kukhala fayilo imodzi. Limenelo ndiye phukusi. Zinyalala za Thandeka zinali zambiri. M'mafayilo ake ena munali mawu otukwana sikelo, ena otukwana bwana, ndipo ndinkawachotsa limodzilimodzi ngati munthu wosankha miyala mu mpunga. Pamwamba pa phukusi pamakhala kapulogalamu komasula, kamene kamatenga fayilo iliyonse n'kukaiika pamalo pake m'kompyuta ya wolandira. Kameneko ndi kamene ndinapatsidwa kuti ndilembe ndekha, kuyambira mzere woyamba mpaka wotsiriza.

Kunja kwa dziko kunali gulu la anthu ongodzipereka limene linkasonkhanitsa maphukusi aulere ochuluka zedi n'kuwaika pa chimbale chimodzi cha CD, ndipo chimbalecho chinkafika kulikonse kumene kuli kompyuta. Bwana anandiitana n'kundiuza mosabisa kuti kampani singathe kudyetsa anthu atatu mpaka kalekale. Phukusi lathu likalowa pa chimbalecho ntchito idzabwera, adzandilemba ntchito yokhazikika ndi kundisainira mapepala oti ndiitanitse banja langa. Likapanda kulowa, yunifolomu yanga ya ulonda idakali pa msomali pansi paja. Pemiti yanga nthawi imeneyo inali ya miyezi yochepa, yomangowonjezera ngati zigamba, ndipo ndi pemiti yotero munthu sungabweretse mkazi ndi ana.

Ndili pakati polemba komasula kaja ndinaganiza mozama. Kanthu aka kadzalowa m'makompyuta a anthu osandidziwa, kadzatsegula zipinda zawo n'kuikamo katundu. Kodi ine, amene ndimagona ndi mkwiyo chifukwa cha mayi wokankha chitseko, nditume kanthu kanga kukachita zomwezo kwa anthu a m'mayiko ena? Ndinakana. Ndinakalemba kuti kakangoyamba kazionetsa pa sikirini mawu akuti "Odi!", pansi pake mzere wa Chingerezi wofotokoza kuti mlendo waima pakhomo ndipo salowa mpaka mwini nyumba ataipe kuti "Lowani". Kakalowa kankapereka moni n'kufunsa ngati kunyumba kuli bwino. Poti mafayilo amapita m'zipinda zingapo za kompyuta, pa chipinda chilichonse kankaodiranso, chifukwa wokulola kukhala pabalaza sanakulole kulowa kuchipinda chogona. Pomaliza kankatsanzika, n'kuima kudikira kuti kauzidwe "Pitani bwino".

Thandeka atakayesa anaseka mpaka kugwetsa mutu pa tebulo.

"Eish, Baba Malawi," anatero akupukuta misozi, "le nto yakho, pulogalamu yanuyi, ili ndi ulemu kuposa amuna onse a ku Benoni. Ikanakhala munthu ndikanaipititsa kwa amayi anga."

Bwana anakayesa kamodzi, foni ili pakhutu, akutaipa mayankho ndi chala chimodzi, ndipo anangoti bola kakugwira ntchito. Kankagwiradi. Tinakayesa pa makompyuta athu onse, pa ya kasitomala wa ku Boksburg, ngakhale pa ina yakalekale imene tinaitsitsa pamwamba pa kabati, ndipo sikanalephere ngakhale kamodzi. Chimene sitinaganizire tonse atatu n'chakuti nthawi zonsezo pampando pankakhala munthu.

Ndinawauza alamu anga nkhaniyi ngati yocheza chabe, koma alamu sankadziwa kusunga nkhani yokoma. Amalawi a mpingo wathu tinkapemphera m'kalasi ya sukulu ina ku Tembisa, ndipo Lamulungu lotsatira, pa nthawi ya zolengeza, anaimirira n'kuuza mpingo wonse kuti Chichewa chalowa m'kompyuta, ndipo kuyambira tsopano azungu a ku Ulaya aziyankha kuti lowani, afune asafune. Amayi anaimba nthungululu. Mkulu wina wa mpingo, amene anagwirapo m'migodi kalekale, anandigwira dzanja osalisiya, akuti moyo wake wonse wakhala akuyankha chinenero cha mzungu, ndipo akuthokoza Mulungu kuti wakhala ndi moyo mpaka tsiku loti mzungu ayankhe chake. Sindibisa, ndinatuluka m'kalasimo mapewa ali m'mwamba.

1997

Phukusi tinalitumiza kumayambiriro kwa chaka. Amene ankalandira maphukusi m'gulu lija anali bambo wina wa ku Jeremani. Nkhope yake sitinaione, mawu ake sitinawamve, tinkangomutcha Mjeremani. Lolemba lina m'mawa kunabwera imelo yake, ndipo Thandeka anaiwerenga mokweza kuti tonse timve. Bamboyo analemba mwaulemu. Anafotokoza kuti ali ndi makina amene amatenga maphukusi onse limodzi ndi limodzi, kuwamasula ndi kuwayesa, popanda munthu wokhala pampando. Iye amawayatsa Lachisanu madzulo, n'kupita kukaona apongozi ake, n'kubwera Lolemba kudzapeza zonse zitatha. Ulendo uno anapeza makina ataima pa phukusi lathu kuyambira Lachisanu lomwelo, pa sikirini pali "Odi!", maphukusi ena onse atandanda kumbuyo kwake ngati malole pa chipata cha Mwanza. Anawerenga malangizo, n'kutaipa kuti lowani, n'kupita kukapanga khofi. Pobwera anapeza makina aimanso, akumufunsa ngati kunyumba kuli bwino. Anamaliza kalatayo ponena kuti kunyumba kwake kunali bwino ndithu mpaka m'mawa umenewo.

Kufiira kwa bwana kunayambira m'khosi monga mwa masiku onse, koma tsiku limenelo kunafika mpaka pa dazi. Ine ndinadziteteza. Ndinati wolakwa ndi Mjeremani, chifukwa munthu sungaitane alendo ambirimbiri kunyumba kwako iwe n'kupita kwa apongozi. Bwana anati sakufuna kumva za apongozi a munthu, akufuna phukusi likonzedwe. Mjeremani anali atatipatsa mpata woti titumizenso.

Thandeka anandisonyeza njira imene pulogalamu ingadziwire ngati pampando pali munthu kapena palibe, ndipo anandisiya kuti ndimalize ndekha poti iye anali ndi sikelo ya kasitomala yomuvuta. Ndinaona kuti nkhani yaphweka. Pakakhala munthu, kanthu kanga kaziodira monga kale. Pakapanda munthu, kazichita zimene aliyense woleredwa bwino amachita akaodira pakhomo popanda womuyankha: kazibwerera ndi katundu wake. Ndinawonjezanso kuti pobwerera kasamadandaule, kazingonena kuti zonse zili bwino, chifukwa ukapeza pakhomo palibe anthu suyenda m'mudzi monse kulengeza kuti eni nyumba ndi oyendayenda. Tinaliyesa, tili pampando, ndipo linagwira bwino lomwe. Tinatumiza.

Makina a Mjeremani ulendo uno sanaime. Phukusi lathu linafika, linaona kuti palibe munthu, linabwerera osasiya ngakhale fayilo imodzi, n'kuuza makinawo kuti zonse zili bwino. Makina anakhulupirira. Tsoka lake, panali anthu ena m'mayiko akutali amene anali atayamba kale kubwereka laibulale yathu m'mapulogalamu awo, ndipo maphukusi awo atafika pofuna kuibwereka anapeza m'chipinda muli mbee. Onse anagwa. Eni ake analembera Mjeremani, Mjeremani anafufuza masiku angapo, ndipo imelo yake yachiwiri inali yaifupi kwambiri, yopanda nkhani ya khofi. Inati phukusi lililonse la pa chimbale chawo liyenera kulowa, kuika mafayilo ndi kutuluka, osafunsa funso, osapereka moni, pakhale munthu kapena pasakhale, chifukwa ngakhale wogula chimbale amamasula maphukusi ambirimbiri nthawi imodzi ndipo sangamacheze ndi lililonse. Akutseka kulandira Lolemba. Mpata wachitatu ndi womaliza.

Linali Lachisanu masana. Bwana anandiitanira pa tebulo lake, ndipo chimene chinandiopsa n'chakuti sanafiire.

"Laisoni," anatero, "ndikufuna kanthu kolowa, kuika katundu, n'kutuluka. Kosalankhula."

"Bwana, wolowa m'nyumba ya munthu osalankhula kwathu timamutcha wakuba."

"Wakuba amatulutsa katundu. Wathuyu akulowetsa."

"Ndiye ndi mfiti, bwana. Mfiti ndi imene imalowa mwakachetechete n'kusiyamo zinthu."

Bwana anati iye za mfiti sazidziwa, chimene akudziwa n'chakuti Lolemba m'mawa odi wanga akadzapezeka adakalimo, Thandeka adzamuchotsa ndi chala chimodzi, ndipo zikadzatero iye adzayenera kudzifunsa chifukwa chimene akusungira anthu awiri pa ntchito imene mmodzi akuitha. Ananyamula makiyi a galimoto n'kutsika masitepe. Thandeka analongedza chikwama chake. Ali pakhomo anatembenuka n'kunena kuti, "Ngiyakucela, chonde Baba, musandichititse ine zimenezi."

Mwina inu mukuwerenga mukuti panalibe chovuta apa, mizere ingapo ya pulogalamu basi. Kwa ine sinali mizere. Ku Joni kuja ndinali nditavula zonse. Dzina langa ankalidziwa ndi bwana yekha, ena onse ankangoti Malawi. M'tekisi ndinkakhala chete kuti lilime lisandiulule. Chakudya chinali chawo, chinenero chawo, zitseko zawo. Chinthu chokhacho chimene ndinapanga ndi manja anga chili ndi khalidwe la kwathu chinali kanthu kameneka, ndipo tsopano ankandiuza kuti ndikaphunzitse kukankha chitseko ngati mayi mwini nyumba. Ndinkaganizanso za mkulu wa mpingo uja ndi dzanja lake. Mtima unkandiwawa, ndipo ndinali wokwiya ndi Mjeremani, ndi bwana, ndi makina opanda mwambowo.

Alamu anga sanandithandize. Loweruka lonse anakhala pa chitini pakhomo akundilimbitsa mtima kuti ndisagonje, ulemu wa dziko lonse uli pamapewa anga, ndipo ulonda si imfa, anthu amakalamba nawo. Ndikuganiza kuti chimene chinkawadetsa nkhawa kwambiri chinali kuimiriranso pa zolengeza. Ndinagona nditatsimikiza kuti Lolemba ndikauza bwana kuti achotse yekha, ine dzanja langa lisakhudzeko, zotsatira zake zikhale mmene zingakhalire.

Lamulungu limenelo linali tsiku langa loimbira foni kumudzi. Ku Tembisa tinkaimbira m'kontena ya mafoni pafupi ndi siteji ya matekisi, ndipo mayi anu ankadikirira pa golosale ina ku Thondwe akaweruka ku tchalitchi. Titapatsana moni ndi kufunsana za ana, ndinayamba kuwafotokozera nkhani yonse, phukusi, odi, Mjeremani, apongozi ake, mawu a bwana. Ndinafotokoza bwino kwambiri, moti ine ndemwe ndinkamva kuti ndikulankhula zanzeru. Ndinamaliza ndi kuwauza kuti mwina mapepala achedwerapo pang'ono, koma munthu sagulitsa mwambo chifukwa cha ntchito. Iwo anamvetsera osandidula, chinthu chimene sichinkachitika kawirikawiri.

"Ndiye mukuti makinawo anadikira kuyambira Lachisanu mpaka Lolemba?" anafunsa.

"Eya."

"Mwini wake n'kudandaula, bwana wanu n'kufiira, inu tulo osagona."

"Ndi momwemo."

"Abambo a Madalitso, ine ndadikira kuyambira Tadala ali kumsana. Pano akuthamangitsa nkhuku. Wafiira ndani?"

M'kontenamo munali phokoso la anthu akukuwa m'zinenero zosiyanasiyana, koma ine ndinkangomva kupuma kwa mayi anu. Kenako anawonjeza, mawu ali pansipansi, kuti anthu a ku Ulayawo ali ndi makolo awo owaphunzitsa mwambo, ndipo ngati ndili ndi mwambo wochuluka chonchi mpaka kugawira makina, kuli ana atatu amene akukula popanda bambo wowaphunzitsa. Anati mwini golosale akufuna foni yake, ndichite zimene ndikuona. Anadula.

Lolemba ndinakwera tekisi yoyamba. Ndinafika mlonda wa usiku asanaweruke, ndinakwera masitepe, ndinakhala pa kireti yanga. Kuchotsa odi, moni, funso la kunyumba ndi kutsanzika kunatenga nthawi yochepa kuposa kuwiritsa tiyi. Ndinaliyesa phukusilo. Linalowa, linaika mafayilo, linatuluka, sikirini ili zii ngati palibe chachitika. Linagwira ntchito bwino kwambiri, ndipo ndinadana nalo. Thandeka atafika anayang'ana pa sikirini, n'kungonyamula mpando wabwino uja n'kundiikira. Potumiza, iye yemweyo anatenga foni ya bwana n'kuitsekera m'dirowa, kiyi n'kuika m'thumba, ndipo bwana anaima pawindo manja ali kumbuyo mpaka modemu inamaliza.

Yankho la Mjeremani linabwera sabata yomweyo, mzere umodzi wokha wonena kuti phukusi ladutsa. Chimbale chinatuluka m'nyengo yozizira, laibulale yathu ili momwemo, dzina langa lenileni lili pa malo a wolongedza. Mafoni sanabwere ambiri monga ankalotera bwana, koma anabwera okwanira, ndipo bwana anasunga mawu ake. Anandilemba ntchito yokhazikika, anasaina mapepala, anapita nane yekha ku ofesi ya boma atavala thalauza lalitali, tsiku lokhalo limene ndinaona mawondo ake ataphimbidwa. Ntchito yolongedza maphukusi ndi imene ndinakhala nayo mpaka kupuma, m'makampani ena awiri pambuyo pake, ndipo maphukusi anga onse ankalowa mwakachetechete. Koma musaganize kuti ndinavomereza kuti ndinalakwa. Mpaka lero ndimati makina aja ndi amene sanaleredwe bwino. Alamu anga anakhala sabata yathunthu osandilankhula, kenako tinagwirizana kuti ku mpingo tisanene kanthu, ndipo mkulu uja anamwalira akukhulupirirabe kuti ku Ulaya amayankha lowani.

Munafika mu Disembala, pa basi yochokera ku Blantyre imene inachedwa tsiku lathunthu pa malire. Ndinali nditapeza nyumba ya zipinda ziwiri ya chitseko chokhoma, nditagula matiresi, nditameta. Ndinaima pa siteshoni ku Johannesburg kuyambira m'mawa, nditavala zovala za ku ofesi kuti mayi anu aone kuti kudikira kwawo sikunapite pachabe. Basi itaima, Madalitso anandiona ali pawindo n'kuyamba kumenya galasi. Tiyamike anatsika akuthamanga n'kundigwira m'chiuno. Mayi anu anatsika pomaliza, thumba pamutu, ataonda kuposa mmene ndinawasiyira. Iwe Tadala unali utagwira chitenje chawo ndi manja onse awiri. Nditatambasula manja kuti ndikunyamule unabisala kumbuyo kwawo, n'kusuzumira ndi diso limodzi.

"Amayi," unafunsa, "bambo awa ndi a ndani?"

Mayi anu anandisiyira ine funsolo. Anangondiyang'ana, n'kutula thumba pansi, n'kudikira. Ndinagwada pa simenti ya pa siteshoni ndi thalauza langa la ku ofesi, anthu akutidutsa uku ndi uku, n'kuyamba kukuuza dzina langa.